Chaka Chimene Ndinafula Munda wa Amuna Anga

Kuno ku Lufita, m'boma la Chitipa, kukadali anthu amene akandiona ndikudutsa amakodolana n'kunong'onezana kuti mayi uja anafula munda wa amuna ake ndi ameneyu. Sindikana. Ndinaufuladi, kunja kukuwala, anthu akuona, ndipo mutandibwezera ku chaka chimenecho ndikhoza kungolawirira kuposa mmene ndinalawirira. Koma nkhaniyi aipotoza nthawi yaitali. Ena amati inali nsanje, ena amati njala inandizunguza mutu, ndiye ndati ndiilembe ndekha maso asanatheretu.

Ndinabadwira ku Misuku, m'mphepete mwenimweni mwa nkhalango ya Mughese, kumene munthu amalima atapendekeka ngati akufuna kugwa. Kwathu n'kwa khofi, nthochi ndi nyemba, koma amayi anga anali ndi kamunda ka chimanga kamene ankakasamala kuposa mmene ankasamalira ife ana awo. Chimangacho chinali choyera, cha njere zolimba, koma apa ndi apo munkakhala njere zofiirira ndi zina zakuda bii, n'chifukwa chake pakhomo pathu tinkachitcha nkhanga. Ukachikonola mumtondo sichinkafumbutuka, gaga yekha ndi amene ankachoka, mphale n'kutsala yathunthu. Anankafumbwe ankachiyesa n'kuchileka. Sichinkabereka modabwitsa ayi, ndisaname. Chinkangobereka chaka ndi chaka, feteleza akhalepo kapena asakhalepo.

Ndinakwatiwa chaka chimene tinavotera nyali, dziko litasankha zipani zambiri. Ng'ombe zinakwera phiri kupita kwathu, ine ndinatsika phiri kubwera kuno. M'mawa wa tsiku lonyamuka amayi anakwera pampando m'khitchini n'kutsitsa kudenga zimanga zingapo zimene zinali zitada ndi mwaye. Anazikulunga m'kansalu n'kundipatsa. Ine ndinagwada n'kunena kuti, "Ndagha, mama," komwe kuli kuthokoza m'chiyankhulo chathu. Anandimenya padzanja mpaka kansalu kanatsala pang'ono kugwa.

"Mbewu sathokoza, iwe," anatero. "Ukaithokoza imanyada, siimera. Landira, utseke pakamwa, ukadzale."

Kwathu mwambo wake ndi umenewo. Mbewu sagula, sagulitsa, sathokoza. Umapempha, amakupatsa, ndipo tsiku limene wokupatsayo yake yatha amabwera pakhomo pako nawenso n'kumupatsa osamufunsa mafunso. Ndili pakhomo, katundu ali pamutu, amayi anawonjezera mawu ena. Anati ndizidzala nkhanga kutali ndi chimanga cha eni, chifukwa chimanga chilibe mwambo, chimakwatiwa ndi aliyense amene mphepo yabwera naye.

Amuna anga anali kalipentala komanso wotsogolera kwaya kutchalitchi. Ndinkawakonda, ndinene poyera, chifukwa amene amafotokoza nkhaniyi kumsika amaiwala pamenepa. Anali munthu woseka msanga, wokonda zatsopano kuposa mwana. Wailesi inkakhala pabenchi pawo pakati pa misomali ndi utuchi, ndipo chilichonse chimene yanena m'mawa, madzulo chinkasanduka chiphunzitso pakhomo pathu. Ukali wanga ankaudziwa asanandikwatire. Anzawo akawamvera chisoni ankayankha okha kuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

Minda tinali nayo iwiri. Umodzi unali kuseri kwa nyumba, wotsetserekera kumtsinje, wina unali kutali, kutsidya kwa msewu. Tinagwirizana chaka choyamba chomwe kuti nkhanga izikhala kumunsi kwa munda wapakhomo, kumtunda kwake tizidzalako mtedza, nyemba ndi mawere, ndipo chimanga china chilichonse chimene iwo akufuna kuyesa chizipita kutsidya. Anayesadi zambiri. Zaka zimenezo misika inali itatseguka, pa Boma panadzaza timasitolo ta anthu ochokera kumwera, ndipo m'sitolo iliyonse munali mapaketi a mbewu yopakidwa mankhwala ofiira kapena obiriwira. Zina zinkabereka bwino kwambiri, mpaka ine n'kuima pamsewu kusirira. Koma ukasungako n'kudzala chaka chinacho zinkafooka, ndiye unkayenera kubwereranso kusitolo chipewa chili m'manja. Ine sindinkalimbana nazo. Iwo kutsidya, ine kumunsi, mtendere pakhomo.

Amayi atamwalira, patapita nyengo ndinakwera ku Misuku kuti ndikatengeko nkhanga ina yosakaniza ndi yanga, monga amachitira anthu pofuna kuti mbewu isatope. Ndinapeza palibe. Alongo anga anali atadzala khofi pakamunda paja, ndipo azilamu anga anandiyang'ana ngati ndafunsa za nsalu ya makungwa. Ndinayenda makomo angapo, aliyense ankandilozera kwa mnzake, mnzakeyo n'kundionetsa paketi. Pobwerera ndinalira m'galimoto njira yonse, anthu n'kumaganiza kuti ndikuchokera kumaliro. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti nkhanga ya amayi, mmene ine ndinkadziwira, inatsala padenga la khitchini yanga yokha.

Ndiyeno kunabwera njala ija imene aliyense wamkulu amaikumbukira. Kuno sinafike poipa ngati mmene tinkamvera za kumwera, koma inatigwira pakhosi. Mvula inatisokoneza, kapuchi analowa m'mapesi, ndipo kochepa kamene anthu anakolola ambiri anali atagulitsa kwa amalonda a malole mitengo isanakwere. Ana anga, wamkazi woyamba ndi ang'ono ake, ankalowa m'khitchini n'kumayang'ana kudenga kumene kunkalendewera mbewu. Sankapempha, ankangoyang'ana, ndipo kuyang'anako kunkandipweteka kuposa kulira. Sindinatsitse ngakhale chimanga chimodzi. Ndinkawaphikira nthochi zosakhwima ndi masamba a chinangwa, n'kuwathamangitsira panja.

Chimanga cha chithandizo chinafika kudzera kutchalitchi. Chinali chachikasu, cha njere zikuluzikulu zokhala ndi kadzenje pamutu. Matumba oyamba anabwera osagaya. Pasanapite nthawi wailesi inayamba phokoso. Ankati chimangachi anthu a sayansi a kunja anachisintha m'kati mwenimweni, anatenga kanthu ka chamoyo china n'kukalowetsa m'njere kuti mbozi ikangoluma ife. Anzathu a ku Zambia boma lawo linachikana, ndipo tinkamva kuti cha ku mapiri a Mafinga ena ankadutsa malire mwakachetechete kudzapempha kwa abale awo ufa womwewo umene akuluakulu awo anaukana. Boma lathu linati tilandire, koma chizigayidwa kaye kuti munthu asadzale. M'mudzi munabuka mphekesera zoti amuna akadya adzaleka kubereka. Ine ndinaseka, ndinati ena a inu zingathandize.

Ndinachiphika, tinadya. Ana anga ali moyo lero, ndipo chimanga chachikasu chija chili ndi gawo lake pamoyo wawo. Sindichinyoza, ndipo amene anatitumizira sindiwatukwana. Ndikufuna izi zimveke, chifukwa ndewu yanga sinali ya m'mbale.

Mvula itayandikira, ndikusesa m'shedi ya amuna anga, ndinasuntha chitini cha misomali n'kumva kuti sichikulira ngati misomali. Ndinatsegula. Munali njere zachikasu zosankhidwa bwino, zochokera pagawo lathu la matumba oyamba aja. Ndinachinyamula mpaka pabenchi pomwe iwo ankapala thabwa.

"Adada, m'chitinimu muli vichi?" ndinawafunsa amuna angawo.

"Mbuto, amama. Mbewu," anatero osatukula mutu.

"Mbewu yayi. Ichi n'chakudya. Boma lati tigaye."

"Boma likuopa chithunzithunzi chake. Eni ake kwawoko akudzala, akudya, ali ndi matupi. Ise tikuopa vichi?"

"Mukadzale kutsidya ndiye."

Apa ndi pamene anaika pansi chopalira. Anati kutsidya sikungatheke, chifukwa chaka cha njala akuba sadikira kuti chimanga chikhwime, ndipo iwo ankafuna kuchiona tsiku ndi tsiku, aone ngati n'zoona kuti kapuchi amachiopa. Adzala kumtunda kwa munda wapakhomo. Ndinawakumbutsa pangano lathu. Anandiyang'ana n'kufunsa funso limene limandilasa mpaka lero.

"Nkhanga yanuyo inatithandiza chiyani chaka chino? Kapuchi sanaidye? Ana ankayang'ana kudenga, imwe mukuwathamangitsa."

Zinali zoona, n'chifukwa chake zinawawa. Ndinakwiya kwambiri. Ndinawauza kuti mlendo timadya naye, timamuyalira mphasa, koma sitimugoneka kuchipinda kwa ana aakazi. Ndinati ine sindikudziwa ngati chimangachi n'chabwino kapena n'choipa, iwonso sakudziwa, wailesinso ikukangana yokha. Chimene ndikudziwa n'chakuti chawocho chikalephera adzapeza china, kuli dziko lonse limene likuchilima. Changa chikasakanikirana ndikachipeza kuti? Kulibe sitolo ya nkhanga. Mchere ukalowa m'ndiwo sautolanso.

"Amama, mukuyowoya ngati agogo," anatero, n'kuyambiranso kupala thabwa.

Mvula itagwa ndinadzala nkhanga kumunsi monga mwa nthawi zonse. Iwo anazengereza, ine n'kumaganiza kuti mawu anga alowa. Changa chitamera n'kuyamba kutambasula masamba, ndinadzuka tsiku lina n'kupeza kumtunda kuli mapando atsopano, okwiriridwa bwino, mzere uliwonse wowongoka ngati anauyeza ndi chingwe cha ukalipentala. Pakati pa chawo ndi changa anasiya mizere yochepa ya mtedza, ngati mphepo imaopa mtedza. Amene anakhalako ku Chitipa amaidziwa mphepo ya kuno. Imavula anthu zipewa, imatsegula zitseko, ndipo pamunda wathu inkachokera kumtunda kutsikira kumtsinje.

Miyezi imeneyo m'nyumba tinkayankhulana za mchere ndi sopo basi. Chachikasu chija chinakula mwachilendo, chachifupi, chothamanga ngati chikuthawa china chake. Kapuchi sindinamuone m'menemo, izi ndivomere, ngakhale chaka chimenecho sanavutenso kwambiri kwa wina aliyense. Ine ndinkangoyang'ana kunsonga. Ndinkayembekeza kuti mwina chawo chimasula ngayaye msanga n'kumaliza changa chisanatulutse ndevu. Koma chifukwa cha kuchedwa kudzala kuja, ziwirizi zinakumana ndendende. Sabata imene nkhanga inayamba kutulutsa ndevu zake zofiirira, kumtunda ngayaye zinayamba kusuzumira.

Kwa amene sanalimepo, ngayaye ndi maluwa a kunsonga kwa phesi, amene amagwetsa kafumbi kachikasu kotchedwa mungu. Kafumbiko kakagwera pandevu, njere imabadwa. Ngayaye ndiye mwamuna wa chimanga.

Tsiku limenelo amuna anga anakweza chitseko panjinga kukapereka kwa mwini wake pa Boma. Ine ndinamanga chitenje m'chiuno, ndinatenga dengu, ndinalowa kumtunda. Sindinabisale. Anthu opita kumtsinje ankaima n'kumandiyang'ana, ine n'kuwapatsa moni ngati ndikuthyola chisoso. Ngayaye ukaigwira bwino n'kuikokera m'mwamba imazuka yokha ndi kaphokoso ngati kotsegula botolo, phesi n'kutsala lamoyo. Ndinayenda mzere ndi mzere. Sindinathyole tsamba, sindinaponde phesi. Koma nditafika pakati ndinaona kuti mikono yanga yachita chikasu. Zina zinali zitamasula kale, ndipo mphepo inali itadutsa ine ndisanafike. Mtima unagwa, koma manja sanaime.

Dengu ndinakalikhuthula pakhomo la shedi yawo, kuti asavutike kufunsa kuti wachita ndani.

Atabwera anaima nthawi yaitali akuyang'ana mulu uja. Ndinkayembekeza kukalipa, mwinanso khofu, ngakhale anali asanandimenyepo. Sanachite chilichonse cha izi. Anangofunsa motsitsa mawu kuti, "Amama, mwanichita vichi?" Kenako anakweranso njinga kupita kwa mkulu wawo. Kunena zoona kufatsa kumeneko kunandipweteka, koma m'mawa mwake ndinalowanso m'munda, chifukwa ngayaye sizituluka tsiku limodzi.

Mlandu unakhala pakhonde la alamu anga, mkulu wa amuna anga. Panali iwowo, athenga a ukwati wathu, amene kumwera amati ankhoswe, ndi achibale angapo amene anabwera kudzaonerera. Ine ndinafika mochedwa pang'ono, mikono ili ndi mame, chifukwa ndinayamba ndadzera kumtunda. Alamu anga ndi amene anabweretsa mawu amene anandimatirira mpaka lero.

"Mwanakazi uyu wafula munda wa mung'una wane," anatero, kutanthauza mng'ono wawo. "Wauthena ngati mbuzi. Lero ni munda. Machero afula njani?" Ankafunsa kuti mawa ndidzafula ndani.

Amayi ena kumbuyo anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka. Athenga anatsokomola n'kuyang'ana pansi. Koma alamu sankaseka. Anati ng'ombe zinapita ku Misuku, ndiye mkazi ndi wa pamudzi pano, munda ndi wa pamudzi pano, ndipo chilichonse chomera m'menemo mwini wake ndi mwamuna. Anati mkazi amene wazula mbewu ya mwamuna wake walodza banja, pakuti mbewu ndi mbewu, ya m'munda ndi ya m'nyumba dzina lake n'limodzi.

Atandipatsa mpata ndinayankhula nditagwada, monga mwa ulemu. Ndinati ng'ombe zinapitadi, ndipo ine ndinabwera, ndabereka, ndalima, sindinathawepo. Koma pamene akuluakulu ankakambirana za ng'ombe, nkhanga sinatchulidwe. Inabwera yokha m'kansalu, mwini wake ali m'manda, ndipo ine ndikungoisungira mwana wanga wamkazi. Ndinati ngati mbewu ya m'munda ndi ya m'nyumba dzina lake n'limodzi, ndiye alamu andiuze ngati angalole mlendo wosadziwika kwawo alowe kwa ana awo chifukwa choti wavala bwino.

"Ndipo munda sunafe," ndinatero. "Mapesi onse ali chilili. Dikirani mukolole."

"Ubereka na njani, wafula?" anafunsa alamu.

"Amuna alipo kumunsi," ndinayankha, ndikunena ngayaye za nkhanga.

Apa ngakhale athenga analephera kudzigwira. Amuna anga okha ndi amene sanaseke. Anali atakhala pampando wawung'ono akuyang'ana zala zawo, ndipo ndinaona kuti manyazi awagwira pamaso pa abale awo. Ndinawamvera chisoni, koma sindinabweze mawu.

Anagamula kuti ndipereke nkhuku ndipo ndipepese. Nkhuku ndinapereka. Ndinasankha tambala wokalamba amene anali atasiya kale kuthamangitsa misoti, ndipo amene anamva anamva. Kugwada ndinagwada, mawondo ndi aulemu. Ndinati ndalakwa polowa kumtunda osawauza eni ake. Athenga anadikira kuti ndipitirize, ine ndinatseka pakamwa. Za ngayaye pepani sanatuluke, ndipo sanatulukebe.

Mpaka nthawi yokolola amuna anga sanapondenso kumtunda. Ndinkapalirako ndine. Kutchalitchi ankaimbitsa kwaya ngati kale, koma kunyumba wailesi ankaitsegula mokweza kuti pasakhale mpata woyankhulana. Kumsika anyamata a njinga ankati akandiona ankaphimba kutsogolo ndi zipewa. Ndinkawauza kuti asadandaule, ndimafula zokhwima zokha.

Chimanga chitauma, tsiku lina masana ndinali pamkeka ndikusenda nkhanga yoyamba. Iwo anatulukira kuseri kwa nyumba atanyamula chimanga chimodzi cha kumtunda, chosenda kale. Anachiika pamkeka patsogolo panga. Chinali chachifupi koma chodzaza mpaka kunsonga, ndipo pakati pa njere zachikasu panali mawanga ofiirira ndi akuda. Munda wofulidwa uja unali utabereka ana a nkhanga.

Ndikanatha kuseka. Ndikanatha kutuma mwana kukaitana alamu. Koma m'manja mwanga munali chimanga changa chimene ndinali nditangochisenda, ndipo sindinachibise. Ndinachiika pambali pa chawocho. Pakati pa njere zoyera ndi mawanga a amayi anga panali njere zachikasu, zowala ngati mano agolide. Mphepo ija inali itagwira ntchito yake m'mawa umene ndinachedwa.

Tinaziyang'ana zimanga ziwirizo tonse. Ine misozi inkangotsika, ya ukali, osati yofuna kutonthozedwa. Iwo anatola changa chija, anachitembenuza, anakanda njere imodzi yachikasu ndi chikhadabo. Anachibwezera pamkeka n'kupita kushedi.

Chaka chimenecho mizere yonse yoyandikana ndi mtedza inapita kuchigayo, pamodzi ndi chonse cha kumtunda. Mbewu ndinasankha kumapeto kwenikweni, cha kumtsinje, ndipo ngakhale kumeneko ndinatong'ola chimanga chimodzichimodzi n'kumachotsa njere iliyonse yokayikitsa. Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Ayi ndithu. Chaka chotsatira njere zachikasu zinatulukanso, zochepa, chinacho zinatulukanso. Mlendo uja anali atalowa m'magazi. Kaya kanthu kaja ka anthu a sayansi kanatsala m'menemo kapena kanatha, sindikudziwa, ndipo palibe amene anabwerapo kudzayeza. Ine chimene ndinkatha kuona ndi mtundu, ndiye ndinalimbana ndi mtundu. Chaka chilichonse mvula isanagwe ndinkakhala ndi lichero pamiyendo, yachikasu iliyonse n'kuponyera nkhuku.

Amuna anga sanadzalenso chimanga kumtunda. Sananene chifukwa chake, nane sindinafunse. Kutsidya anapitiriza kuyesa mapaketi awo, makuponi atabwera ankakhala woyamba pamzere, ndipo tikakangana ankanditchulabe agogo. Sanavomerepo kuti analakwa. Ankati chikanakhala kuti sindinasokoneze, bwenzi tikudziwa zoona zake za chimanga chija, ndipo mwina sankanama.

Kenako maso anga anayamba kuchita nkhungu. Choyera ndi chachikasu zinayamba kufanana, makamaka dzuwa likapendeka. Sindinauze munthu, koma munthu amene wagona naye nyumba imodzi zaka zambiri sufunika kumuuza. Tsiku lina ndili ndi lichero, ndikuyandikitsa njere kumaso ngati ndikufuna kuinunkhiza, iwo anabwera ndi kampando kawo, anavala magalasi awo owerengera nyimbo, n'kundilanda lichero.

"Zaninge nalo kuno. Mukutaya zabwino, mukusiya zoipa," anatero.

Anasankha mpaka kumaliza, akung'ung'udza kuti ntchito yake ndi yopanda nzeru, kuti njere imodzi singaphe munthu, kuti akazi a ku Misuku ndi ouma mitu ngati mphale yawo. Koma sanasiye ngakhale imodzi. Kalipentala ndi kalipentala, diso lake silifuna chokhota. Kuyambira chaka chimenecho ntchitoyo inakhala yawo. Mawu othokoza oti yewo ankafika pamilomo panga chaka chilichonse, ine n'kuwameza. Mbewu sathokoza. Ndikhulupirira kuti ankadziwa chifukwa chake ndinkakhala chete, pakuti nkhani ya kansalu ndi kumenyedwa padzanja ndinawafotokozera tili achinyamata, ndipo anaseka mpaka kutsamwa.

Anamwalira chaka chathachi, nyengo yozizira, atadwala pang'ono. Maliro atatha, alamu anga, amene tsopano amayenda ndi ndodo, anandiuza mwachifundo kuti ndisavutikenso ndi zachikale, ana awo azindibweretsera paketi chaka chilichonse. Ndinawathokoza, popeza paketi amathokoza, n'kuwauza kuti aipititse kutsidya.

Mvula itayandikira mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera ku Mzuzu kumene amagwira ntchito. Gawo lake la nkhanga ndinamupatsa kale pa ukwati wake, ndipo amaidzala kuseri kwa nyumba ya lendi, pakati pa mpanda ndi chingwe choyanikira zovala. Tinakhala pamkeka, ine ndikutong'ola, iye ali ndi lichero. Kampando kaja kanali pakhonde pomwe anakasiya eni ake. Tinagwira ntchito nthawi yaitali osapeza kanthu, mpaka ndinayamba kuganiza kuti mwina mlendo uja watopa nafe. Kenako mwanayo anandigwira dzanja.

"Amama, imani. M'manja mwanumo muli yachikasu imodzi."

Ndinamuuza kuti andiikire pachikhatho payokha. Sindinkaiona, koma chala chinapeza kadzenje kaja pamutu pake. Ndinakhala nayo kanthawi. Ndinawasowa amuna anga nthawi imeneyo kuposa tsiku la maliro.

"Adada ako awa," ndinatero. "Sanasiyebe makani."

"Tiisunge?" anafunsa mwanayo.

Ndinaisisita kamodzinso ndi chala, n'kuiponya pabwalo. Ndinamva nkhuku zikuthamangirana. Ndinapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, n'kumuuza kuti andipatsire chimanga china, mitambo yayamba kale kusonkhana cha ku Mafinga.